Mphepo nja ku Wimbe, nanga filimu nja yani?

Anthu ophunzira amakonda kutiuza kuti dziko lonse lasanduka mudzi umodzi. Chimene satiuza n'chakuti m'mudzi uliwonse mumakhala eni nkhokwe ndiponso aganyu. Ine ndikuona kuti filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene idatuluka m'chaka cha 2019, ikutionetsa bwino mbali imene ife tili m'mudzi umenewu, m'nkhani yake ngakhalenso m'kapangidwe kake.

Nkhaniyi ambiri mukuidziwa. William Kamkwamba, mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, adalekeza sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. M'kalaibulale ka kwawoko adapeza buku la ku America lotchedwa Using Energy, naona chithunzi cha makina opukusa magetsi ndi mphepo. Adatola chikupizo cha thirakitala, mapaipi, njinga ndi dayinamo yake, naimika makina akeake pa milongoti ya bulugama. Mu 2007 adakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2009 adalemba buku mothandizana ndi mtolankhani Bryan Mealer. Buku limeneli ndilo Chiwetel Ejiofor, katswiri wa zisudzo wa ku London amene makolo ake ndi a ku Nigeria, adalisandutsa filimu. Iye yemweyo akusewera ngati bambo Trywell Kamkwamba.

Tiyambe ndi zabwino, poti zilipo ndithu. Ejiofor adaigawa nkhani monga momwe mlimi amagawira chaka: kufesa, kukula, kukolola, njala, kenaka mphepo. Njala yake sikugwa kumwamba ngati tsoka lopanda mwini. Tikuona esiteti ya fodya ikunyengerera anthu kuti agulitse mitengo yawo yochitsira fodya, mfumu ikukana, amphawi akusaina poti ndalama ndiyo ili pamphuno. Mvula itabwera, madzi akusesa minda imene mitengo ija inkatchinjiriza. Fodyayo akasuta ndi anthu a kutali, matope atsala ku Wimbe. Palinso kachigawo kena kamene ndidakakonda zedi: wailesi ikulengeza za ndege zimene zidagunda nyumba zazitali ku America mu September 2001, koma anyamata mtima wawo uli pa mpira. Sakudziwa kuti maso a dziko lonse atembenukira kwina pa nthawi yomwe nkhokwe za kwawo zikugwa mphwayi. Pamenepa filimuyi yanena zambiri osakweza mawu.

Koma ikafika pa chimanga cha boma, ikungodutsa chapamwamba, pomwe mpamene padagona nkhani. Njala isanafike, dziko lino lidali ndi chimanga chosungira pa tsoka choposa matani 160,000. Bungwe la IMF lidalangiza kuti china chigulitsidwe pofuna kubweza ngongole imene bungwe losunga chimangacho lidatenga. Mmalo mogulitsako, chidagulitsidwa pafupifupi chonse, ndipo mpungwepungwe wa amene adachigula udatenga zaka. Sitata paki, imene idakweza zokolola mu 1999 ndi 2000, idali itachepetsedwa. Pomwe boma limalengeza mu February 2002 kuti m'dziko muli tsoka, anthu adali atayamba kale kudya mizu ndi gaga. Apa padali alangizi a ku Washington, padali akuluakulu a kuno, padalinso mavenda okweza mitengo, onse m'chingwe chimodzi. Woonera wa ku Ulaya akaona anthu akukanganirana galimoto ya chimanga amva chisoni, eya, koma sachoka akudziwa kuti chingwe chimenechi chidafika mpaka ku likulu la dziko lake.

Mathero ake nawonso adawakometsera. Mu filimu, makina a William akupopa madzi m'chitsime, dimba likubiriwira, mudzi wapulumuka. Zoona zake n'zakuti makina oyamba aja adayatsa mababu ndi wailesi m'nyumba ya makolo ake, basi. Mpope wa madzi udabwera pambuyo, mbiri yake itamveka kunja ndipo akufuna kwabwino atathandizapo. Ndikudziwa kuti wopanga filimu ali ndi ufulu wopinda nkhani. Vuto ndi phunziro limene kupindako kwabala: kuti njala yodza ndi ngongole, misika ndi ndale ingathe ndi mwana mmodzi wanzeru. Phunziro lotere limagulika msanga kunja chifukwa silifunsa munthu aliyense mlandu. Nanga ana ena aja amene adathamangitsidwa naye limodzi pa nkhani ya fizi, amene sadakumane ndi mtolankhani, adathera kuti?

Tsono za chiyankhulo. Ulemu umuyenera Ejiofor poti adakana kuijambulira kwina, adabwera ku Kasungu konko, ndipo mbali yaikulu anthu akuyankhula Chichewa. Iye mwini adachiphunzira. Gule wamkulu adamupatsa malo ake pa maliro osamusandutsa choseweretsa cha alendo. Koma abale, khutu la mwini silinamizidwa. William akuseweredwa ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, mayi ake ndi Aïssa Maïga wa ku France wobadwira ku Senegal. Mwa osewera akuluakulu, wa kwathu amene akuoneka kwambiri ndi Lily Banda, ndipo akangotsegula pakamwa kusiyana kumamveka. Chichewa chimayenda ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika timalemba chimodzimodzi, koma mwana wa zaka zisanu amasiyanitsa pomva. Mlendo akaloweza mawu pa pepala, kayimbidwe kameneka kamatayika, ndiye mumapezeka kuti inu Mchewa weniweni mukuwerenga Chingerezi cha m'munsi kuti mumve Chichewa chanu chomwe. Izi zikutiuza amene filimuyi idapangidwira: iwo amene kwa iwo Chichewa ndi phokoso lokoma chabe.

Ndipo taonani ulendo wake. Ndalama zidachokera ku BBC Films, BFI ndi Participant Media. Idayamba kuonetsedwa ku Sundance m'dziko la America, kenaka Netflix idaimwaza pa dziko lonse mu March 2019. Pa mpikisano wa Oscar, m'gawo la mafilimu a zinenero zina, idakaimira dziko la Britain. Chichewa kukaimira Britain, inu! Chonsecho kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse m'Malawi ndiwo ankaunikira magetsi. Filimu yonena za mnyamata wosowa magetsi idatuluka pa njira yofuna magetsi, intaneti ndi ndalama za kunja. Izi sizikusiyana ndi fodya uja: tsamba nlathu, fakitale nja eni.

Sindikunena kuti mlendo asakhudze nkhani zathu. Akuluakulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo William yemwe adathandizidwa ndi buku la mlendo. Komatu bukulo adaliwerenga ndi maso ake, napanga chinthu choyenera pakhomo pa bambo ake. Umu ndimo tiyenera kulandirira za kunja. Luso lilipo kuno: Shemu Joyah adapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, imene idakaimira Malawi ku Oscar mu 2018, ndi ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi za anzathuwa.

Filimuyi kaioneni, nja bwino, ndipo pa imfa ya galu Khamba misozi idzalengeza. Mukatha, kafunseni azakhali anu kumudzi kuti thumba la chimanga linkagulidwa bwanji mu January 2002, ndipo ankagulitsa adali yani. Mboni za njala imeneyi zikadali moyo, ndipo olemba athu sadazifunse mokwanira.