Cithunzi ca Oyimba: Cimene Cionetsa ndi Cimene Cibisa

M'caka ca 1967 Gerhard Kubik, katswiri wa za nyimbo wa ku Vienna, anapeza Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a m'mudzi wa Singano ku Chileka, alikuyimba m'misewu ya Blantyre. Anawajambula zithunzi ndi kanema, ndipo buku lace lonena za gulu lao linasindikizidwa m'Cingerezi mu 1974.

Ubwino wa zithunzizo uli pakamwa ndi pa zala. Khutu lingomva kuti citoliro ca kwela ca Donald cinali kulira mokhuthala, koma cithunzi cionetsa cifukwa cace: mnyamatayo anali kucilowetsa m'kamwa ndithu atacipendeketsa cam'mbali, si monga aciombera Azungu ai. Daniel anamwalira mu 1987, Donald mu 2001. Popanda zithunzi, luso limeneli likadabvuta kuliphunziranso.

Komatu cithunzi ciri ndi cirema cace. Cigwira kamphindi kamodzi kokha, pamene moyo wa kwela uli m'kuyenda kwa nyimbo ndi m'mapazi a obvina. Wojambula akalozetsa kamera pa oyimba okha, obvina atsala kunja, ndipo gule aoneka ngati wopanda eni.

Cifukwa cace mphunzitsi wa ku Neno, pojambula gulu la kwao pamsika wa Lisungwi kapena wa Zalewa, ayambe wapempha cilolezo. Ajambule zala, zoyimbira ndi obvina omwe. Alembe dzina la nyimbo, mudzi ndi tsiku. Cithunzi copanda mau amenewa cikhala ngati mlendo wosadziwika kwao, ndipo ana a m'kalasi sadzaphunzirapo kanthu.