Moto wa ku Osage Avenue: mlandu wosoŵa mwini

Kanema wotchedwa Let the Fire Burn, amene Jason Osder adatulutsa mu 2013, alibe munthu wolongosola nkhani. Osder adangotola zithunzi zakale, za atolankhani, za misonkhano ya bungwe lofufuza ndi za umboni wa mnyamata wa zaka 13 amene adapulumuka ndi zilonda za moto, nazilumikiza mwadongosolo, kenaka nkutisiyira ife kuti tiweruze tokha. Dzina lake limatanthauza kuti motowo ulekeni uyake, ndipo lidachokera pa chimene akuluakulu a mzinda wa Philadelphia, ku America, adagwirizana madzulo a pa 13 Meyi 1985.

Gulu la MOVE lidayambitsidwa mu 1972 ndi Vincent Leaphart, amene adadzitcha John Africa, ndipo omtsatira, amene ambiri anali akuda, adatenganso dzina la Africa. Ankakana makina, sukulu za boma ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo ankadzudzula poyera nkhanza za apolisi. Sitikufuna kuŵayeretsa, ndipo kanemayu timuyamike chifukwa nayenso saŵayeretsa. Anansi ao a ku Osage Avenue, anthu akuda ogwira ntchito amene adagula nyumba zao ndi thukuta, adatopa ndi chimkuzamau cholalata usana ndi usiku, ndi zinyalala, ndiponso linga limene gululo lidamanga padenga la nyumba nambala 6221. Madandaulo ao anali oona. Panalinso chilonda chakale: mu Ogasiti 1978, pa mkangano wa ku Powelton Village, wapolisi James Ramp adaphedwa ndi chipolopolo, ndipo anthu 9 a gululi adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 30 mpaka 100. Tsiku lomwelo makamera adajambula apolisi akumenya ndi kupondaponda Delbert Africa atadzipereka kale, manja ali m'mwamba. Apolisi atatu adaimbidwa mlandu, koma woweruza adaŵamasula.

Mu 1985 apolisi pafupifupi 500 adabwera ndi zikalata zomangira anthu anai. Panali kuomberana, ndipo apolisi adathira zipolopolo zopitirira 10,000 m'mphindi 90 pa nyumba imene ankadziŵa bwino kuti muli ana. Dzuŵa litapendeka, helikopita idaponya bomba padengapo kuti liphwanye lingalo. Moto utabuka, mkulu wa apolisi Gregore Sambor ndi mkulu wa ozimitsa moto William Richmond adagwirizana zoti auleke uyambe wanyeketsa lingalo, ngakhale mipope yamphamvu imene idakhala ikuthira madzi pa nyumbayo m'maŵa inali pomwepo. Anthu 11 adafa, akulu 6 ndi ana 5. Nyumba 61 zidapsa, ndipo anthu pafupifupi 250, anansi omwe aja amene adapempha chithandizo cha boma, adatsala opanda pogona.

Mphamvu ya kanemayu ili m'zithunzi za bungwe lofufuza. Timaona amuna ovala bwino, ophunzira, akuyankha mofatsa ngati akukamba za mlatho umene wagwa ndi mvula. Pakati pao timaona wapolisi mmodzi, James Berghaier, amene adathamangira kukatulutsa mnyamata uja, Birdie Africa, ndipo pambuyo pake adanyozedwa kuntchito kwake chifukwa chopulumutsa mwana wakuda. Osder sanenapo kanthu, ndipo apa kukhala chete kwake kumalankhula kuposa ulaliki. Mu Malichi 1986 bungwelo lidanena kuti kuponya bomba pa nyumba muli anthu ndi chinthu chosemphana ndi chikumbumtima, lidati kuombera kwa apolisi kudalepheretsa ena kuthaŵa moto, ndipo lidaonjeza kuti zoterezi sizikadachitika m'dera la azungu.

Koma kanemayu sakhalitsa pa funso limene ife likutiŵaŵa kwambiri: nanga zonsezi zitadziŵika, chidatsatira nchiyani? Woonera angatuluke akuganiza kuti lidangokhala tsiku limodzi la misala. Komatu zimene zidadza pambuyo zidachitika mosapupuluma, m'maofesi ndi m'mabwalo amilandu, kwa zaka zambiri. Mu 1988 gulu la nzika zosankhidwa kuona ngati pali mlandu lidakana kuimba mlandu wapolisi kapena mkulu wa mzinda ndi mmodzi yemwe. Munthu yekhayo amene adaloŵa m'ndende chifukwa cha tsikulo ndi Ramona Africa, mai amene adatuluka m'motowo atapsa, ndipo adakhalamo zaka 7. Sambor adatula pansi udindo. Meya Wilson Goode, munthu wakuda woyamba kutsogolera mzindawo, adati udindo wonse akuusenza yekha, ndipo mu 1987 adasankhidwanso. Pa mlandu wa chipepeso mu 1996, Goode adati adalamula kuti motowo uzimitsidwe, Sambor adati lamulolo adalilandira, Richmond adati kwa iye silidafike. Lamulo lidasoŵa panjira pakati pa anthu atatu, ndipo ana asanu adafa.

Ife amene tidaphunzira katekisimu timadziŵa kuti pa sakramenti la kulapa chisoni chokha sichikwanira. Wolapa atchule tchimo lake ndi dzina lake lenileni, alitchule ngati lakelake, ndipo abweze chimene adaononga. Mneneri Natani sadapite kwa asilikali amene adamsiya Uriya patsogolo pa nkhondo, adapita kwa Davide amene adalemba kalata. Ku Philadelphia kudali kupepesa, inde, ndipo khonsolo ya mzinda idapepesa mwalamulo mu Novembala 2020, patapita zaka 35. Kudalinso ndalama: madola 1.5 miliyoni mu 1996 kwa Ramona ndi abale a aŵiri mwa omwalira, ndi madola 12.83 miliyoni amene bwalo lidagamula mu 2005 kwa anansi amene nyumba zao zidamangidwanso mwachinyengo mpaka kuyamba kudontha ndi kung'aluka. Koma ndalama za mzinda zimachokera ku msonkho, ndipo ena mwa okhoma msonkhowo ndi omwe aja adaotcheredwa nyumba. Papa Yohane XXIII, m'kalata yake Pacem in Terris ya 1963, adaphunzitsa kuti ulamuliro ulipo chifukwa cha ubwino wa anthu onse, ndi kuti udindo wake waukulu nkuteteza ufulu wa munthu aliyense. Munthu aliyenseyo akuphatikiza wolalata pa chimkuzamau, ndipo koposa akuphatikiza mwana wake, amene sadasankhe nyumba yobadwiramo.

Chimene Osder sakadatha kuika m'kanema wake chidaululika mu 2021. Mafupa amene akukhulupirira kuti ndi a mmodzi mwa atsikana aja, Katricia, adakhala zaka zoposa 30 m'manja mwa akatswiri a Penn Museum, mpaka kuŵaonetsa pa phunziro la pa intaneti la yunivesite ya Princeton, mai ake osadziŵa. Chaka chomwecho mkulu wa zaumoyo mumzindawo, Thomas Farley, adatula pansi udindo ataulula kuti mu 2017 adalamula kuti zotsala za matupi ena ziotchedwe osauza abale. Tsiku lotsatira bokosilo lidapezeka lilipobe, chifukwa wantchito wina sadamvere lamulolo. Kwa ife amene mudzi wonse umaima pakagwa maliro, ndipo timaŵerenga za Tobiti amene adaika moyo wake pachiswe poika akufa otayidwa ndi mfumu, nkhani iyi njovuta kuimeza. Mu Novembala 2024 Penn Museum idalengeza kuti yapezanso mafupa ena m'nkhokwe zake, amene akuganiza kuti ndi a Delisha Africa, mtsikana wa zaka 12.