Mbuzi ndi Nkhanga: Makanema a Rungano Nyoni ndi Anthu Oŵaonera

Pakati pa opanga kanema amene mbiri yao yamveka kunja kwa Africa, alipo mmodzi amene ife a m'malire muno tiyenera kumtchera khutu koposa ena, pakuti nkhani zake nza kwathu kuno. Ameneyu ndi Rungano Nyoni, mai wobadwira ku Lusaka m'chaka cha 1982, amene anakulira ku Wales. Iye amalemba yekha nkhani za makanema ake ndi kutsogoleranso ntchito yoŵajambula. Kanema wake wa 2017, I Am Not a Witch, momwe mukumveka Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi, analandira mphoto ya BAFTA mu 2018. Wina wa 2024, On Becoming a Guinea Fowl, anampezetsa mphoto ya wotsogolera wopambana m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes, imene anagaŵana ndi Roberto Minervini wa ku Italy.

Olemba za makanema ku Ulaya ndi ku America amakonda kunena kuti m'ntchito yake muli surrealism. Limeneli ndi luso loika zinthu za m'maloto pakati pa zinthu za masana popanda kumchenjeza woonera, ndipo chikalata chake choyamba analemba André Breton ku Paris mu 1924. Katswiri wake pa makanema anali Luis Buñuel, amene mu El ángel exterminador wa 1962 anaonetsa anthu olemera akulephera kutuluka m'chipinda chimene khomo lake lili pululu. Dzinali silolakwika pa ntchito ya Nyoni, koma limabisa funso loyenera kufunsidwa: kodi chachilendo m'makanema ameneŵa nchiti, ndipo nchachilendo kwa yani?

Tiyambe ndi kanema woyamba. Kamtsikana kosadziŵika kwao kaoneka m'mudzi, ndipo mai wina wosenza madzi agwa atakaona. Basi, mlandu wa ufiti wayamba. Ku polisi bambo wina achitira umboni kuti mwanayu anamdula mkono ndi nkhwangwa, chikhalirecho manja ake onse aŵiri alipo, ndipo pambuyo pake avomera kuti zinali m'maloto. Mwanayo atumizidwa ku msasa wa amai okalamba onenedwa ufiti, kumene aliyense amangidwa kumsana ndi chingwe chachitali cha nsalu yoyera, chokulungidwa pa chikulungo chachikulu, ati kuti asauluke. Amuuza kuti asankhe: akadula chingwe asanduka mbuzi, akachisunga akhala mfiti. Amaiwo amtcha Shula, dzina la Chibemba lofanana ndi mau athu akuti zula. Mkulu wa boma, Bambo Banda, aona phindu mwa iye: amtenga kukaloza mbala pa mlandu, kukagulitsa mazira pa wailesi ya kanema ndi kukaitana mvula. Pomaliza mwanayo afa, akazi amlira, ndipo mvula igwa.

M'kanema wachiŵiri muli Shula wina, mai wamkulu wophunzira. Akuchokera ku phwando usiku, apeza mtembo wa amalume ake, a Fred, uli gone pamseu. Iye sakulira, ndipo amai ake aakulu ndi aang'ono amdzudzula chifukwa cha maso oumawo. Pang'onopang'ono zidziŵika kuti womwalirayo anagwirira Shula ali mwana, pamodzi ndi abale ake Nsansa ndi Bupe, ndi kuti akuluakulu ankadziŵa. Koma mkwiyo wa banja sugwera wakufayo. Ugwera mkazi wake wamasiye, mtsikana wamng'ono wa ana ambiri, amene akumnena kuti sanasamale mwamuna wake, namlanda ndi katundu yemwe. M'zipinda mudzaza madzi popanda wodabwa nao, ndipo m'maganizo a Shula mubwerabwera phunziro la ana la pa kanema lonena za nkhanga, mbalame imene imachenjeza zinzake mdani akayandikira.

Mitu yobwerezedwa ikuonekera poyera. Woyamba ndi wa mtsikana wosalankhula amene ena onse amlankhulira. Wachiŵiri ndi wa bwalo la milandu limene chigamulo chake chinapsa kale mboni zisanafike, kaya pa polisi kaya pa nkhani za pambuyo pa maliro. Wachitatu, umene uli woŵaŵa kopambana, ndi wa akazi osunga chingwe chimene chaŵamanga iwo omwe. Agogo a ku msasa amamkonda Shula, komabe ndiwo amene amamphunzitsa kumvera. Amai a pa maliro nawonso amafungatira ana ao ndi kuŵaimbira nyimbo, komabe kutacha aimira kumbuyo dzina la mlongo wao. Nyoni sanaŵajambule ngati zilombo. Waonetsa kuti chikondi ndi chinyengo zimatha kudyera mbale imodzi, ndipo apa ndi pamene luso lake lakhwimira. Wachinai ndi wa nyama. Munthu akasoŵa malo pakati pa anthu, chomtsalira nkusanduka nyama. Shula wamng'ono afika podandaula kuti akanasankha umbuzi, pakuti mbuzi imayenda kumene ifuna. Shula wamkulu asankha unkhanga, ndipo kanemayo atha iye akubwera ndi ana ku msonkhano wa banja akulira kulira kwa nkhanga.

Woŵerenga Malembo sangalephere kukumbukira mbuzi ya pa Levitiko 16, imene inkasenzetsedwa zolakwa za mtundu wonse nkupirikitsidwira kuchipululu, ndiponso mlonda wa pa Ezekieli 33, amene akapanda kuliza lipenga amafunsidwa magazi a ophedwa. Ulendo wa Nyoni pa zaka zisanu ndi ziŵirizo uchokera pa mbuzi kufika pa mlonda. Koyamba wosalakwa asenza tchimo la mudzi nafa chete. Kachiŵiri wolakwiridwa akana kusenza, nafuula.

Tsono oonera amazilandira bwanji? Wa kutali amatengeka ndi zingwe zoyera, madzi a m'nyumba ndi chovala chodabwitsa cha ku phwando, nati zonsezi ndi maloto okongola. Ngozi yake njakuti amasokoneza zopeka ndi zoona. Zingwezo nzopeka ndithu, ngakhale Nyoni anakakhala ku msasa weniweni wa onenedwa ufiti ku Ghana pokonzekera kanemayo. Koma bambo wa mkono uja, amene mlendo angamuyese nthabwala yopyola muyeso, ndiye woona kuposa onse. Nyoni anamuikiratu woonera wotereyu kalilole: kanema woyamba ayamba ndi alendo odzaona malo akujambula amai aja kuseri kwa mpanda, nyimbo ya Vivaldi ikulira.

Munthu wa ku Mkanda, amene abale ake ena ali tsidya la malire cha ku Chipata ndipo amapita kukagona nao pa maliro, sadzaona zachilendo zambiri. Amadziŵa kuti maloto amatengedwa ngati umboni pa mlandu wa ufiti. Amadziŵa akazi ogona m'nyumba ya siŵa ndi amuna othera moto panja, ndiponso diso limene limaŵerenga amene walira ndi amene sanalire. Aŵemba, monga Acheŵa, amatsata mtundu wa kuchikazi, choncho safuna womuuza kuti malume ndani. Ndiye mwini mbumba, nkhoswe, mthunzi wa ana a mlongo wake. Mlendo amaona chigaŵenga wamba, koma ife timaona fisi amene wapatsidwa khola kuti alilonde. Nchifukwa chake woonera wa kuno amayamba ndi kuseka, pozindikira Bambo Banda ndi amai aja, kenaka kuseka kuja kumaima pakhosi.

Alipo enanso amene amakwiya, nati mwana wokulira kunja wavula makolo ake pamaso pa alendo. Dandaulo limeneli tisalitaye msanga, chifukwa lili ndi mbali yoona. M'kanema woyamba mudzi ulibe nkhope ina koma ya chipwirikiti, ndipo pafupifupi aliyense waudindo ndi wadyera kapena wopusa. Munthu amene anaonapo mfumu ikuteteza nkhalamba, kapena mbumba ikulera amasiye mokhulupirika, ali ndi chifukwa chonenera kuti chithunzicho nchoperewera. Komabe nthano siŵerengera nyumba zonse za m'mudzi, imaloza bala. Ndipo balalo lilipo. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kunenera munthu ufiti m'Malaŵi, koma mu Januwale 2016 nkhalamba zinai zinaphedwa ku Neno poganiziridwa kuti zinatuma mphenzi imene inapha mtsikana. Zambia inakhazikitsa lamulo la chuma cha masiye mu 1989, ndipo Malaŵi inakonzanso lake mu 2011, chifukwa kulanda katundu wa akazi amasiye sikunali kopeka. Wokwiyayo adzifunse ngati mkwiyo wake suli wofanana ndi wa amai a pa maliro aja, amene anaopa manyazi koposa tchimo.

Kwa ife amene timaitanidwa ku maliro sabata ndi sabata, makanema ameneŵa ali ndi funso lolunjika. Wansembe ndi katekisi amalalika pamanda nkubwerera, koma mlandu weniweni umakambidwa m'maŵa mwake, pogaŵa katundu ndi pofunafuna amene wapha. Kodi pamenepo mkulu wa mphakati amakhala mbali iti? Kodi mtsikana amene sanalire maliro a amalume ake angapeze kwa ife khutu, kapena chidzudzulo chokha? Chiphunzitso cha kukhululuka chikaperekedwa kwa wolakwiridwa choonadi chisananenedwe, chimasanduka chingwe choyera china, chokongola m'maso koma chomanga. Akuluakulu anati chetechete sautsa nyama. Nkhanga ikalira siipitsa dzina la thengo, imapulumutsa anapiye, ndipo mpingo umene ungaiponye mwala udzakhala utathandiza fisi.