Lennie m'Bwalo la Milandu: Kupenda Ciweruzo ca Briseno ndi Tanthauzo la Nzeru

M'caka ca 2002, pa mlandu wa Daryl Atkins, Bwalo Lalikulu la dziko la United States linagamula kuti munthu wolumala nzeru sayenera kupatsidwa cilango ca imfa, koma linasiyira boma la cigawo ciliconse udindo wopeza njira yomuzindikirira. Patapita zaka ziwiri, bwalo la apilo la milandu yaupandu ku Texas linakumana ndi funsoli pa mlandu wa José Briseño, ndipo woweruza Cathy Cochran anatembenukira ku buku la nthano. Anachula Lennie, mtengambali wa m'buku la John Steinbeck la 1937, Of Mice and Men, monga munthu amene anthu ambiri a ku Texas angavomereze kuti asaphedwe, nakayikira ngati cifundo comweco ciyenera kufikira onse amene akatswiri amawapeza olumala nzeru. Nkhani ino ikupenda kawerengedwe kameneka, pakuti kakukhudza nchito yathu ife aphunzitsi a zinenero ndi zolembedwa.

Coyamba cimene woweruzayo anaiwala n'cakuti Lennie ndi woumbidwa. Steinbeck anafuna kuti wowerenga azindikire cilema cake pa masamba oyambirira, motero anampatsa thupi lalikulu, mutu woiwalaiwala, cizolowezi cosisita zinthu zofewa, ndi mnzake George womuganizira zonse. Nthano yaifupi imafuna zizindikiro zooneka patali. Anthu ambiri olumala nzeru sali otero. Cilema cao n'copepukirapo: amagwira ganyu, amakwatira, ndipo amaphunzira kubisa zimene sadziwa mwa kungovomera ziliconse zimene afunsidwa.

Bwalolo linaika mafunso asanu ndi awiri oyesera wopalamula. Ena mwa iwo anali akuti: kodi acibale, aphunzitsi ndi om'lemba nchito anamuona ngati wolumala nzeru pamene anali kukula? Kodi amatha kunama kapena kubisa zinthu podziteteza? Kodi mlandu wake unafuna kukonzekera? Wowerenga bukuli mosamala adzaona codabwitsa apa. Lennie amakana kuti ali ndi mbewa yakufa m'thumba, pamene ali nayo. Atapha mkazi wa Curley mosafuna, anaphimba mtembo ndi udzu nathawira pa malo obisala amene George anamuuza kale. Woimira boma waluso akanatha kunena kuti uku ndi kunama, kubisa ndi kutsata pulani. Muyeso wotengedwa kwa Lennie ukanatha kumupereka Lennie yemweyo kwa wonyonga.

Zotsatira zake sizinali za m'buku. Mu Ogasiti 2012 boma la Texas linapha Marvin Wilson, amene pa mayeso ena a nzeru anapeza 61, ndipo Thomas Steinbeck, mwana wa mlembiyo, anadandaula poyera kuti buku la atate wake likugwiritsidwa nchito motere. Mafunso a Briseno anathetsedwa mu 2017 pa mlandu wa Bobby James Moore. Ali ndi zaka 13, Moore sanali kudziwa bwino masiku a pa mlungu, miyezi ya pa caka, ngakhale kuwerenga nthawi. Koma bwalo la ku Texas linaona kuti anakhalapo m'misewu nadzisamala yekha, kuti anali kudula kapinga ndi kusewera pool kuti apeze ndalama, ndipo linati ameneyu ngwanzeru zokwanira. Bwalo Lalikulu linakana kuti zimene munthu amatha zifafanize zimene sangathe.

Tingaganize kuti mankhwala ake ndi nambala basi. Akatswiri amayang'ana zinthu zitatu: kagwiridwe nchito ka nzeru, kamene amayesa ndi mayeso a IQ, kutha kudzithandiza pa moyo wa tsiku ndi tsiku, ndi umboni wakuti vutoli linayamba munthu asanakule. Komabe nambala nayonso imaterera. Mu 2014, pa mlandu wa Freddie Lee Hall amene anapeza 71 pamene boma la Florida linaika malire pa 70, Bwalo Lalikulu linakumbutsa kuti mayesowa amatha kuphonya ndi mapointi pafupifupi asanu uku kapena uku. Ndipo ameneyo anali munthu woyesedwa m'cinenero cake, ndi mayeso opangidwira dziko lake.

Kwa ife vutoli n'lozama. Mayeso a nzeru ndi kukambirana kwa anthu awiri, ndipo kukambirana kumacitika m'cinenero. Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia anasonyeza mu 1979 kuti ana a ku Zambia anaposa ana a ku England pa kuumba zithunzi ndi waya, a ku England nawapambana pa kujambula ndi pensulo, koma pa kuumba ndi zofanana ndi dongo magulu awiriwo anali cimodzimodzi. Cimene cinayesedwa cinali cizolowezi ca manja. M'buku lake la 1993, The Significance of Schooling, locokera pa kafukufuku wa pakati pa Acewa a ku Katete, anafotokoza kuti akuluakulu akati mwana ali ndi nzeru amatanthauza mbali ziwiri: kucenjera ndi kutumikira. Mwana wocenjera koma wosatumika sam'tamanda.

Apa pali msampha umene ndiuona kuti ngwoopsa kuposa Lennie. Popeza kwathu nzeru zimaonekera pa kutumikira, wina anganene kuti funso loyamba la Briseno, lofunsa acibale, ndilo loyenera mabwalo athu. Ndikana. Mnyamata wofatsa amene amaweta mbuzi, natunga madzi, osayankha akulu mwano, mudzi sum'cha wopanda nzeru, ngakhale atabwereza giredi yoyamba katatu. Kutumikira kwake kumaphimba cilema cake. Tsono mai wake akaimirira m'bwalo, funso la woweruza limacoka m'Cingerezi kudzera mwa womasulira, amene ayenera kusankha liu limodzi msangamsanga. Akati "wamisala", maiyo adzakana, ndipo adzanena zoona, pakuti misala ndi matenda ena. Akati "citsiru" kapena "cidzete", adzakana cifukwa ndi citonzo, ndipo palibe kholo lotukwana mwana wake pa gulu. Akati "wopepera" kapena "wogona", adzavomera mwina, koma mauwa timanenanso kwa waulesi. M'kaundula wa bwalo mudzangolembedwa inde kapena ai wa Cingerezi, liu limene linabala yankholo litasowa.

Zambia inathetsa cilango ca imfa mu Disembala 2022, ndipo lamulo la 2019 la umoyo wa maganizo linalowa m'malo mwa lamulo la m'nthawi ya atsamunda limene linagawa anthu ndi maina onyoza. Koma mabwalo akali kufunsa ngati woimbidwa mlandu akumva zimene zikucitika, ngati anazindikira zimene anavomera kwa apolisi, ndi kuti cilango cake cikhale cotani. Katswiri wofufuza zimenezi angacite bwino kuleka kufunsa dzina la cilemaco, nafunsa zocita: kodi mukam'tuma ku golosale ndi ndalama anali kubwera ndi cenji coyenera? Anayamba kulankhula ali ndi zaka zingati poyerekeza ndi abale ake? Mukam'patsa mauthenga awiri, anali kufikitsa onse? Ndipo lipoti lake lisunge mafunso ndi mayankho m'Cinyanja mmene ananenedwera, pambali pa kumasulira kwake, kuti loya wa mbali ina athe kufunsa cifukwa cimene liu lakuti linasankhidwira kusiya linzake.