Mkhalapakati akadali m'chipindamo

Pali buku lina lomwe ndikufuna tikambirane, inu amene mukumvera izi muli m'basi kupita ku shifiti kapena mwangoweruka kumene. Mutu wake ndi Women, Presbyterianism and Patriarchy, analemba ndi mayi Isabel Apawo Phiri, ndipo linatuluka mu 1997 m'gulu la mabuku a Kachere. Ndi lakale, eya, enafe nthawi imeneyo tinali kumsana kwa amayi. Koma nthawi zonse kapepala kakafika pa gulu la WhatsApp la mpingo kuno ku Wolverhampton, kopempha mapaundi khumikhumi oti titukulire amayi ndi atsikana kumudzi, ndimaona kuti funso la m'bukuli silinayankhidwebe.

Mayi Phiri akuyambira kutali. Asanafike amishoni, Achewa anali ndi Makewana ku kachisi wa ku Msinja, mzimayi yemwe ankatsogolera mapemphero a mvula, mafumu n'kumamulemekeza. Kenaka mu 1889 amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa anafika ku Mvera, ndipo ntchito yawo ndi yomwe inabala Sinodi ya Nkhoma. Amishoniwo anatsegula sukulu, atsikana anaphunzira kuwerenga, zimenezo palibe akukana. Koma analetsa chinamwali n'kuika chilangizo m'malo mwake, ndipo mu mpingo watsopanowo mzimayi analibe mpando wa utsogoleri. Mu 1940 kunabadwa Chigwirizano cha amayi, chomwe ku Blantyre timati Mvano, kumpoto Umanyano. Apa ndiye amayi anapezapo bwalo lawo: kulalikirana, kuyendera odwala, kugona pamaliro, kusonkha ndalama.

Tsono mvetserani apa. Pa misonkhano ya Chigwirizano pankakhala bambo mmodzi, mkulu wa mpingo, wotumidwa ndi bwalo la mpingo. Dzina la udindo wake ndi mkhalapakati. Amayi akukambirana za miyoyo yawo, iye ali phee pampando, kenaka n'kukanena kwa abambo anzake zomwe zakambidwa. Kwa ine, pamenepa ndi pomwe bukuli lili ndi mano. Silikunena kuti mpingo unamana amayi malo. Likunena chinthu chovutirapo, chakuti unawapatsa malo n'kuikamo mlonda. Mphamvu zinaperekedwa, koma chingwe chinatsalira m'manja mwa eni ake.

Ena akawerenga amathamangira kunena kuti basi, azungu ndi amene anaononga, kale zonse zinali bwino. Ayi ndithu. Kwathu kwa chikamwini mwini mbumba anali malume, osati amayi, ndipo si zonse za kuchinamwali zomwe tingazilakalake. Bukuli n'lothandiza chifukwa silikulolani kubisala kumbuyo kwa chikhalidwe kapena kumbuyo kwa Baibulo.

Komabe ndili nalo ndi madandaulo. Linalembedwa m'Chingerezi cha kuyunivesite, ndiye azakhali anu ovala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, omwe ndi eni nkhaniyo, ambiri sanaliwerengepo. Dandaulo lalikulu ndi lakuti maso a bukuli ali pa guwa, ndani alalike, ndani adzozedwe, pomwe funso la ndalama lili kumbali. Nkhondo ya guwa inali yofunika, tisaichepetse. Mu Januwale 1995 amayi ogwira ntchito mu Sinodi ya Blantyre anaguba kukapereka madandaulo awo kwa akuluakulu a mpingo, ndipo yankho lake linali kuwaimitsa ntchito. Patapita zaka zochepa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Livingstonia ndi Blantyre anadzoza abusa oyamba aakazi. Koma mtsikana wa ku Mchinji yemwe fizi yamuthera ali Fomu 2, kolala ya abusa aakazi siimubwezeretsa m'kalasi. Masiku ano mkhalapakati mumufunefune pa akaunti ya kubanki.

Taganizirani ntchito zomwe timasonkherazi. Makina osokera khumi aperekedwa, zithunzi zajambulidwa, amayi avina. Makinawo amasungidwa m'chipinda cha mpingo, kiyi ali kwa abusa. Osaina pa akaunti ndi abusa, mlembi wa mpingo ndi msungichuma, atatu onse abambo. Sindikunena kuti akuba, ambiri ndi anthu achilungamo. Ndikunena kuti mzimayi yemwe ayenera kupempha kiyi kuti agwire ntchito yake sanatukuke, wangobwereka chitukuko. Ndiye musaiwalenso kuti pamudzi umodzi simungakhale matelala khumi n'kudya onse, kaunjika ali pamsika pompo pa mtengo wozizira.

Yerekezani ndi banki mkhonde. Njirayi inayambira ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, lomwe si la mpingo, koma mipingo yambiri inaitengera. Bokosi la ndalama limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo limatsegulidwa gulu lonse likuona. Pamenepo mkhalapakati alibe pokhala. A Mothers' Union a Anglican, gulu lomwe Mary Sumner anayambitsa kuno ku England mu 1876, anayamba mu 2000 ntchito yophunzitsa akuluakulu kuwerenga ndi kuwerengera ku Malawi, Burundi ndi Sudan, kenaka n'kulumikiza ndi magulu osunga ndalama. Ntchito yotere siikoma pa chithunzi ngati makina osokera. Koma mzimayi akadziwa kuwerenga sikelo ya vendala ndi kulemba ngongole m'kope, palibe amene angamulande zimenezo n'kuzitsekera mu ofesi.

Pa atsikana ndiye pomwe mpingo umayesedwa kwenikweni. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana pafupifupi 42 mwa 100 aliwonse ku Malawi amakwatiwa asanakwane zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu a dziko kuti mpata woti makolo avomereze ukwati wa mwana utsekedwe. Chilolezo choti mtsikana wobereka abwerere kusukulu chilipo kuyambira mu 1993. Nanga mpingo umatani naye mtsikana yemwe ali ndi pakati? Tonse tinakulira m'menemo, tikudziwa: amadulidwa ku mgonero, dzina lake n'kumveka mpingo wonse, pomwe mnyamatayo, kapena mdalayo, mimba siioneka. Ndiye mukamva kuti mpingo ukulipirira atsikana fizi, funsani funso limodzi ili: akatenga mimba, thandizolo limapitirira? Ngati limathera pomwepo, imeneyo ndi mphotho ya khalidwe labwino, ndipo amene akulifuna kwambiri thandizolo ndi amene watayidwayo. Mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu, ena ali ndi makanda kumsana. Sinayambe yawafunsa ngati analapa.

Musaganize kuti ndikunena kuti chikhulupiriro ndiye vuto. Kwerani sitima pa Wolverhampton, mphindi zosakwana 30 muli ku Birmingham. Ku Balsall Heath kuli malo otchedwa Anawim, omwe masisitere awiri achikatolika anayambitsa mu 1986 potsegula nyumba yawo kwa amayi oyendayenda a m'derali. Chomwe chinawatuma ndi chikhulupiriro, koma khomo silinali ndi mayeso. Lero malowa amathandiza amayi othawa nkhanza, otuluka kundende ndi ovutika maganizo, a chipembedzo chilichonse kapena opanda. Masisiterewo anayambira pa amayi omwe mipingo yambiri sikanawapatsa ngakhale mpando wakumbuyo.

Ndiye tisamangoloza kumudzi. M'mapemphero athu a Amalawi kuno ku West Midlands muli alongo athu omwe viza yawo inamangirira pa ya amuna awo, ena pa ya bwana wa kampani yosamalira okalamba, ndipo alibe ufulu wolandira thandizo la boma. Mmodzi wa iwo akamenyedwa n'kupita kwa amayi a mpingo, amauzidwa chiyani? Kawirikawiri ndi mawu omwe aja, banja ndi kupirira, tipemphere, musatichititse manyazi kwa azungu. Chonsecho mumzinda mwathu momwe muno muli The Haven, malo othawirako amayi ozunzidwa omwe akhalapo kuyambira mu 1973. Ndi kangati munamva dzina limeneli pa zolengeza za Lamulungu, pakati pa za chakhumi ndi za msonkhano wa amayi?

Bukulo silipezeka m'mashopu a ku Mander Centre, musavutike. Mabuku a Kachere kuno amabwera kudzera ku African Books Collective, ndipo amene muli kuyunivesite mutha kupempha laibulale kuti ikubwerekereni kwina. Mukalipeza yambani ndi gawo la Chigwirizano, kenaka muimbire azakhali muwafunse ngati pa mpingo pawo bambo uja amabwerabe ku misonkhano ya Lachinayi.