Mwana Akamaliza Kabuku Koyamba, Timpatse Ciyani?

Mwezi wathawu, pamsonkhano wa atsogoleri a makalasi a kuwerenga umene tinali nawo kuno ku Chifunde, mayi wina amene amaphunzitsa ca ku Mualadzi anandifunsa funso limene ndakhala ndikulisinkhasinkha mpaka lero. Iwo anati akuluakulu amakhutira akadziwa kulemba dzina lawo ndi kuwerenga kalata, koma anyamata ndi atsikana a zaka 14 kapena 16 amafuna zina, ndipo tikapanda kuwapatsa, pakatha miyezi yowerengeka amabwerera pomwe anayambira. Nanga tiwapatse ciyani? Tsiku lija ndinayankha mwacidule, koma yankho langa silinakwane. Ndiye ndati ndilembe pano kuti tonse tiganizire pamodzi.

Ndiyambe ndi kuvomera kulakwa kwanga. Kwa zaka zambiri ndinkasankha buku poyang'ana phunziro la kumapeto kwake. Likakhala ndi malangizo abwino, basi, ndimvekere ili ndilo loyenera mwana. Nditabwera kumene kucokera ku koleji ya ubusa ndinagawira acinyamata timabuku ta malangizo, ndipo patatha mwezi anatibweza tili toyera bwino, topanda ngakhale cala ca mafuta. Ndinayamba kuwayamikira kuti amasamala katundu, kenaka ndinazindikira kuti sanatitsegule n'komwe. Kuyambira pamenepo funso langa loyamba limakhala ili: kodi mwanayu adzadziona yekha m'bukuli? Akapanda kudziona safika tsamba lacisanu, ndipo phunziro lija limangokhala lotsekeredwa kumapeto.

Poyesa ndi muyeso umenewu, buku loyamba limene ndikuliika m'manja mwanu ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi wa Misyoni ya Nkhoma ku Malawi. Linatuluka m'caka ca 1933, litapambana pampikisano wa mabuku olembedwa m'zinenero za mu Africa, ndipo mu 1934 Thomas Cullen Young analimasulira m'Cingelezi nalicha Man of Africa. Nkhani yake ikutsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwake: ubwana wa pamudzi, unyamata wosamva ndi wakuba, ulendo wokafuna nchito kutali, kubwerera kwawo, kulowa ufumu, mpaka kutembenuka mtima.

Mphamvu ya bukuli ili pa unyamata wa Nthondo. Ntara sanamubise kapena kumukometsera. Mnyamata wa kuno amene akuganiza zothawira ku Tete, ku Katete kapena ku Joni akamva za ulendo wa Nthondo amakhala cete, pakuti akumva za mtima wake womwe. Ngakhale bukuli lapitirira zaka 90, njala ya ndalama, manyazi obwerera kumudzi cimanjamanja, ndi kukangana ndi akulu sizinakalambe ayi.

Koma lili ndi cofooka cake, ndipo ine monga mbusa ndiyenera kucinena poyera. M'kuwerenga kwanga, Nthondo wakuba ndi wamoyo kuposa Nthondo wotembenuka. Pamene akulakwa timamuona ndi maso, timamva mau ake. Akafika pa kusintha, wolemba amafulumira, ngati munthu amene akuopa kuti dzuwa limulowera panjira. Sindikukana kuti munthu amasintha, pakuti imeneyo ndiyo nchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Koma ndaona kuti kusintha kwenikweni kumayenda pang'onopang'ono, kugwa ndi kudzuka. Tikumbukirenso kuti bukuli linalembedwa pa misyoni, nthawi ya atsamunda, ndipo limaona zinthu ndi diso la pamenepo. Tsono musalibise cifukwa ca ici. Mukafika kumapeto afunseni ophunzira anu: kodi mukukhulupirira kuti Nthondo anasinthadi? Cinamusintha n'ciyani? Mtsutso umene udzabuke pamenepo ndi waphindu kuposa ulaliki wanu.

Laciwiri ndi Sikusinja ndi Gwenembe, la John W. Gwengwe. Iyi ndi nthano ya abale awiri, nsanje imene inafikitsa wina pa kupha mbale wake, ndi kambalame kamene kanakana kusunga cinsinsi. Ambiri a ife tinamva nthano yofanana nayo kwa agogo tili pamoto, ndipo ubwino wake wagona pomwepo. Mwana amene akali kukakamira pa mau amathandizidwa akamawerenga nkhani imene khutu lake likuidziwa kale. Amalota mau akubwera, kenaka amawapeza papepala, ndipo mantha amatha. Cofooka cake n'cakuti wabwino ndi wabwino cabe, woipa ndi woipa cabe, monga zimakhalira m'nthano. Conco ndikuti liyambe ndi ili kwa a zaka 12 kapena 13, ndipo Nthondo abwere pambuyo, akayamba kufunsa mafunso ovuta.

Pali mabuku awiri amene ndikuti akhale a inu aphunzitsi poyamba. Loyamba ndi Kukula ndi Mwambo, la Gwengwe yemweyo, la m'caka ca 1965, limene likufotokoza miyambo ya kaleredwe ndi kakulidwe pakati pa Acewa. Muliwerenge nokha, musankhe zigawo zoyenera kalasi, pakuti atsikana ndi anyamata akakhala pamodzi pali zina zimene makolo sangakondwere kuti ziwerengedwe mokweza. Laciwiri ndi Mbiri ya Achewa, la Ntara, limene linayamba kutuluka m'zaka za m'ma 1940. Ili ndi cuma, koma muliwerenge mukudziwa kumene wolemba anaima. Iye anali ku Nkhoma, ndipo zambiri anazimva kwa akulu a mbali ya ku Malawi. Pamene ife tikukhala m'dziko la Undi mwini wake: likulu lake lakale, Mano, linali mbali yathu ino ya malire, m'dera la mtsinje wa Kapoche, mpando usanasamukire ku Zambia, kumene lero anthu athu amapita ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti. Tsono mukawerenga cigawo ca Undi, tumani ophunzira akafunse agogo awo ndi a nyakwawa, abwere ndi zimene amva, muzilinganize ndi za m'buku. Pamene zasiyana musafulumire kunena kuti buku ndilo lolondola. Mwana akazindikira kuti agogo ake akudziwa zimene buku silinalembe, amayamba kulemekeza onse awiri.

Mwina wina anena kuti, Abusa, mabuku onsewa ndi a ku Malawi, nanga a kwathu kuno ali kuti? Funsoli ndi loona, ndipo limandipweteka. Cinyanja cinalowa m'sukulu za boma mocedwa: anayamba kuyesa kuphunzitsa m'Cinyanja ndi Cipwitikizi pamodzi m'cigawo ca Tete kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo maphunziro a zinenero ziwiri anakhazikitsidwa m'dziko muno mu 2003. Mabuku oyambira alipo, koma nkhani zazitali zoti wacinyamata akhale nazo pansi pa mtengo n'zosowa. Kwa amene afika patali ndi Cipwitikizi, apatseni Nós Matámos o Cão-Tinhoso, la Luís Bernardo Honwana, la mu 1964. Nkhani imene yapatsa bukuli dzina ikunena za anyamata amene anatumidwa kukapha galu wa zilonda, ndipo mmodzi wa iwo mtima sukufuna, koma akuopa kusekedwa ndi anzake. Palibe mnyamata amene sadziwa mantha amenewo. Honwana sakulalikira, amangokusiya ndi cisoni, ndipo pa ici waposa Ntara. Akawerenga m'Cipwitikizi, akambirane m'Cinyanja. Mudzaona okha amene amva.

Mau awiri okhudza kagwiritsidwe kake. Coyamba, acenjezeni za kalembedwe. Mabuku osindikizidwa ku Malawi masiku ano amalemba "chaka" ndi "ntchito" pamene ife ndi anzathu a ku Zambia timalemba "caka" ndi "nchito". Amene anakulira pa Buku Lopatulika la 1922 anazolowera c, pamene Buku Loyera la 1998 lili ndi ch. Lembani mitundu iwiriyi pabolodi tsiku loyamba, muwauze kuti cinenero n'cimodzi, nkhani yatha. Caciwiri, musadikire kuti mukhale ndi mabuku 30. Limodzi likwana. Werengani mokweza cigawo cimodzi pa sabata, mulekeze pamene nkhani yafika pokoma, kenaka bukulo ligone kwa wophunzira mmodzi mpaka tsiku lina. Likabwera lakuda ndi lopindika m'makona, musakalipe; lagwira nchito yake.

Nanga tiwapeza kuti? Ena a ife tinaphunzira kuwerenga tili othawa nkhondo, ku Ukwimi m'boma la Petauke kapena ku Malawi, ndipo pobwerera mtendere wa 1992 utabwera, mabanja ena anabwera ndi mabuku m'masutukesi. Funsani mumpingo ndi m'midzi. Ena akudyedwa ndi ciswe pamene ana alibe cowerenga. Amene amadutsa pa Cassacatiza kupita ku Katete ndi ku Chipata, kapena amene ali ndi abale ku Lilongwe, atumeni akafunse.

Ndipo pomaliza, abale ndi alongo, zimene ophunzira anu adzamve kwa agogo awo zokhudza Mano, za Kapoche, za masiku othawa ndi obwerera, musazitaye. Alembe m'makope awo, inu mukonze pang'ono, mutumize kuno ku magazini athu. Ntara anali mphunzitsi ngati inu nomwe, ndipo anayamba ndi kumvetsera akulu.