Za Mlumikizi "Ngati" ndi Mphatikiram'kati "-ka-"

Pophunzitsa Chingerezi, aphunzitsi amagawa ziganizo zoyamba ndi "if" m'mitundu itatu kapena inayi, ndipo mitundu yonseyo mlumikizi wake ndi mmodzi. Zimenezi n'zoyenera m'Chingerezimo. Vuto limabadwa pamene mphunzitsi kapena womasulira ayika "ngati" paliponse pamene wapeza "if", ngakhale pamene Chichewa chili ndi njira yakeyake.

Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Malembo amati, "Mwera ukawomba, sitipita panyanja." Iyeyu sakukayika ayi, akudziwa kuti mwera umawomba chaka chilichonse m'nyengo yozizira, ndipo mphatikiram'kati "-ka-" akunyamula ganizo lonselo. Akanena kuti, "Ngati mwera ukuwomba, musakankhe bwato," ndiye kuti sanafike kugombe ndipo sakudziwa momwe nyanja yadzukira. Chiganizo choyamba ndi cha zinthu zoyembekezeka, chachiwiri ndi cha zinthu zosadziwika. Wolemba amene angasandutse choyambacho kukhala "Ngati mwera uwomba" wataya kusiyana kumeneku, ndipo wamuyankhulitsa msodzi ngati mlendo wosadziwa nyengo.

Zinthu zimene sizinachitike zilinso ndi njira yake. Timati, "Akadamvera akulu, bwato silikadamira." Ena amati "akanamvera", ndipo zonsezi n'zomveka. Koma "Ngati anamvera akulu, bwato silikadamira" ndi Chingerezi chovala nsalu ya Chichewa. Palinso "-ta-", monga m'chiganizo chakuti "Nditapeza ukonde, ndingaphe usipa wambiri," amene asowa malo pa mndandanda wobwerekawo.

Nthambi ya dzina ilibe vuto lalikulu chotere, kupatula kuti Chingerezi chimatha kusiya "that" pamene Chichewa chimafuna "kuti".

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri boma la Mangochi. Ana ambiri kumeneko amayankhula Chiyao kunyumba, ndipo Chichewa cholembedwa amakumana nacho m'buku ndi pabolodi, kotero kuti cholakwa cha mphunzitsi chimakhazikika msanga. Malamulo a kalembedwe amene Bungwe la Chichewa lidatulutsa mu 1973, n'kuwakonzanso mu 1980 ndi 1990, adalimbana kwambiri ndi malembo ndi kagawidwe ka mawu. Kamangidwe ka chiganizo kadatsalira m'manja mwa aphunzitsi ndi akonzi. Mkonzi akapeza "ngati" m'zolemba zomasuliridwa, ayese kaye kuyika "-ka-", "-kada-" kapena "-ta-" m'mneni, kenaka awerenge mokweza.